Bambo atuluka m'chipatala kachitatu chaka chino, miyendo yotupa: tigule chiyani?

LOLEMBA

Nagama: Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikungowerenga osalemba, koma lero ndathedwa nzeru. Bambo anga, a zaka 67, atuluka m'chipatala Lachisanu lapitali. Aka ndi kachitatu chaka chino kugonekedwa ndi vuto limodzimodzi: miyendo kutupa mpaka m'mawondo, mimba kufufuma, usiku osagona chifukwa cha phuma. Adokotala akuti mtima unafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndipo gwero lake ndi BP yomwe akhala nayo zaka zambiri osamwa mankhwala mwandondomeko. Ku wodi akawabaya jakisoni wochotsa madzi amaphwa bwinobwino, pakatha masiku asanu tabwerera kunyumba. Miyezi iwiri isanathe tayambiranso. Iwo amakhala kumudzi ku Ntcheu ndi amayi, ine ndili ku Lilongwe, achimwene anga ali ku Joni. Achimwenewo akufuna kutumiza wotchi yamakono ija yoyeza kugunda kwa mtima kuti tiziona pa foni tili kutali. Kodi ingathandize? Kapena ndalamayo ipite kwina?

Gama wa ku Joni: Achimwene akunenedwawo ndine. Chemwali, zikomo pondilowetsa m'gululi. Ine chimandipweteka n'chakuti nthawi zonse ndimamva bambo ali kale pa bedi ku wodi. Ndikufuna chinthu choti chizindiuza zinthu zisanafike poipa. Wotchiyo ndaiona kale pa shopu kuno, ndikungodikira mawu anu.

Nachisale wa ku Leeds: A Nagama ndi a Gama, pepani ndi matendawa. Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito ndi odwala mtima kuno ku England. Wotchi musagule kaye. Imawerenga kugunda kwa mtima, inde, koma chimene chikuwabwezera bambo ku wodi ndi madzi odzaza m'thupi, ndipo madziwo wotchi siyiwaona. Chimene chimawaona ndi sikelo wamba yopondapo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thupi likayamba kusunga madzi sikelo imadziwa masiku angapo miyendo isanaoneke kutupa. Gulani sikelo, kope la 32 peji ndi bolopeni. Ndalama ikatsala, makina oyezera BP a pamkono wakumtunda, osati a padzanja.

Gama wa ku Joni: Sikelo basi? Ndimaganiza mundiuza chinthu chachikulu.

Nachisale wa ku Leeds: Sikelo basi, koma yogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse mofanana. M'mawa akadzuka, akataya madzi, asanadye kanthu, atavala zovala zolemera mofanana, aponde. Nambala ilembedwe. Akawonjezera makilogalamu opitirira 2 m'masiku atatu, amenewo si mafuta, munthu sanenepa choncho ndi nsima. Ndi madzi, ndipo tsiku lomwelo achipatala adziwe. Pambali pa nambalayo muzilembanso zinthu zitatu: agona ndi mapilo angati, anadzidzimuka usiku ndi phuma kapena ayi, komanso nsapato kapena patapata akulowa bwanji.

Mlangizi Mbewe: Ndiwonjezereko za kumudzi, poti ndi kumene ndimayenda. Sikelo ya batire ikaikidwa pansi pozira imapereka nambala zosiyana chifukwa pansipo sipasalala. Muipezere malo a simenti, kapena thabwa lolimba, ndipo isamasunthidwe. Ana asamaseweretse, batire imatha msanga. Ndipo funso lofunika: ndani azilemba? Amayi amatha kuwerenga manambala?

Nagama: Amayi maso anayamba kuvuta. Koma pali mdzukulu wawo, mwana wa achemwali anga, ali Sitandade 7, amagona komweko.

Mlangizi Mbewe: Ameneyo ndiye mwini ntchito. Aziwayeza asananyamuke kupita kusukulu, n'kukutumizirani nambalayo pa uthenga wamba wa pa foni. Sizifuna bandulo zimenezo.

Che Jafali: Moni nonse. Ine ndili ku Mangochi, matenda amenewa ndakhala nawo zaka zinayi. Sikelo ndilibe. Ndimadziwira lamba. Lamba akasuntha bowo limodzi ndadziwa madzi abwera. Ndiye ndimamwa Lasix awiri (mapiritsi ochotsa madzi aja, dzina lina furosemide) m'malo mwa mmodzi, masiku awiri, basi ndaphwa. Chipatala chili kutali, transipoti yadula.

Bambo a Pemphero: Moni. Ndine clinical officer pa chipatala china cha boma, ndimaona odwala BP, shuga ndi mtima tsiku la kiliniki yawo. Che Jafali, za lambazo ndazikonda, mukulidziwa thupi lanu. Koma zowonjezera nokha Lasixzo ndiyankhapo madzulo ndikaweruka, pali mawu. Pakali pano, a Nagama, tandilemberani mankhwala onse amene alembedwa m'kabuku ka bambo, ndi mmene akumwera kwenikweni. Osati mmene analembera adokotala, mmene akumwera.

Nagama: Ndawaimbira amayi. M'kabuku muli furosemide, enalapril, spironolactone ndi wina wakuti carvedilol. Koma ndamva zondidabwitsa. Enalapril anasiya mwezi wa Meyi chifukwa ankawatsokomoletsa, osauza aliyense. Furosemide samwa tsiku loti ali ndi ulendo kapena akupita kutchalitchi, akuti amawachititsa manyazi kutulukatuluka. Ndipo mawondo akamawawa amagula Brufen pa okala.

Bambo a Pemphero: Apo ndiye mwapeza zinthu zitatu zimene wotchi ya mtengo uliwonse sikanakuuzani. Tiyambe ndi Brufen, chifukwa ameneyo asiye lero lomwe. Ibuprofen (ndiye Brufen yemweyo), diclofenac, indocid ndi anzawo amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, amafooketsa mphamvu ya furosemide, ndipo akaphatikizana ndi enalapril ndi spironolactone angathe kuwononga impso. Ndaonapo anthu ambiri akubwerera ku wodi chifukwa cha timapiritsi ta pa okala timeneti. Mawondo akawawa, Panado.

Chachiwiri, chifuwa chouma cha enalapril n'chodziwika, bambo sakunama. Koma yankho si kusiya mwakachetechete. Pali mankhwala ena ogwira ntchito yofanana, monga losartan, amene nthawi zambiri satsokomoletsa. Akanene ku kiliniki. Komanso kwathu kuno munthu wotsokomola nthawi yaitali timafuna timuyeze TB, ndipo chifuwa cha usiku chingakhalenso madzi a m'mapapo, ndiye musagamule nokha kuti ndi mankhwala.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri sachimvetsa. Furosemide ndi amene wodwala amamukonda chifukwa amaona ntchito yake, miyendo imaphwa. Koma amene amateteza mtima kuti usapitirire kufooka, amene amatalikitsa moyo, ndi enawo: enalapril, carvedilol, spironolactone. Ntchito yawo simuiona ndi maso, n'chifukwa chake ndi amene amayamba kusiyidwa. Masiku ano pawonjezeka gulu lachinayi, dapagliflozin ndi empagliflozin, amene poyamba anali a shuga koma kafukufuku wa mu 2019 anasonyeza kuti dapagliflozin amathandizanso mtima wofooka ngakhale kwa munthu wopanda shuga. Ndi odula, amapezeka kwambiri m'mafamase ogula. A Gama, ngati muli ndi ndalama ya wotchi, funsani adokotala a bambo ngati amenewa angawayenere. Musagule musanafunse.

Mayi a Mapasa: Za ulendozo ndiyankhe ine, poti ndimakumana nazo. Tsiku la minibasi sindidumpha furosemide, ndimangomusuntha. Ndikafika kumene ndikupita ndimamwa, bola isakwane 4 koloko madzulo, apo ayi usiku wonse ndi wa kuchimbudzi. Anandiuza ndi anesi athu. Lamulungu bambowo azimwa akabwera kutchalitchi. Kusuntha ndi kudumpha n'zosiyana.

Nagama: Zikomo amayi. Inunso ndi BP?

Mayi a Mapasa: Ayi, wanga unabwera ndi uchembere. Ndinali ndi zaka 29. Patatha milungu itatu ndichire mapasa ndinayamba kubanika, kukwera kakhonde kokha kunali ngati ndakwera phiri. Aliyense ankati ndi kutopa kwa mwana, ena ankati magazi achepa. Mpaka usiku wina ndinalephera kugona chagada, ndinachezera chokhala pa mpando. Atandiunika mtima ndi makina aja anati wakula, ukupopa mofooka. Pano patha zaka zitatu, wabwererako ndithu koma mankhwala sindinasiye, ndipo anandiuza mosabisa kuti mimba ina ingandiphe, ndiye ndili pa njira yolera. Ndimalemba izi kuti amayi a m'gulu lino adziwe: phuma la pambuyo pobereka musamalitenge ngati kutopa wamba.

LACHIWIRI

Nagama: Ndabweranso ndi nkhani yovutirapo. Azakhali anga, alongo awo a bambo, akuti matendawa si a chipatala. Akuti ndi tsempho, pali wina m'banjamo anathira mchere m'ndiwo asanayenere, n'chifukwa chake akutupa. Akufuna kuwatengera kwa asing'anga. Amayi ali pakati, sakufuna kukangana ndi alamu awo. Ine ndalankhula mokalipa dzulo, ndipo zangoipiraipira.

Gama wa ku Joni: Chemwali, azakhali ndiwaimbira ndine. Zimenezi zinatichedwetsa kale ulendo woyamba.

Mlangizi Mbewe: A Gama, muwaimbire, koma osati kukawagonjetsa. Azakhali ndi amene ali pafupi, inu muli ku Joni. Mukawanyoza, tsiku limene bambo adzabanike usiku adzasankha ndi iwo kolowera. Ine ndikakumana ndi nkhani ya tsempho kapena mdulo sindiyamba ndi kutsutsa. Ndimati: akuluakulu, mwaloza mchere, nafenso achipatala tikuloza mchere womwewo. Tiyeni tigwirizane kuti m'mphika wa wodwalayu mchere uchepe, ndipo aziphika ndi munthu mmodzi. Pamenepo timakumana. Chimene ndimapempha molimba n'chimodzi: mankhwala a kuchipatala asasiyidwe, ndipo zakumwa za m'botolo zosadziwika asamwe, chifukwa zina zimatsegula m'mimba kapena kusanzitsa, ndipo munthu amene ali pa furosemide ndi enalapril akataya madzi choncho impso zimavulala msanga. Azakhaliwo muwapatse ntchito. Akhale iwo oyang'anira mphika.

Nachisale wa ku Leeds: A Mbewe, mawu amenewa ndawasunga. Pa za mchere: bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli ngati supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza wobisika m'zakudya. Sikuti adye zopanda mchere n'komwe mpaka chakudya chiwakane, munthu wodwala mtima akasiya kudya ndi vuto linanso. Koma mchere wa patebulo uchoke.

Mayi a Mapasa: Ndipo wobisikayo ndi amene amatipweteka ife. Royco ndi timakyubu tija. Soya pieces amabwera ndi kapaketi kake ka mchere. Tchipisi cha pa chiwaya, kanyenya. Koma chimene palibe anandiuza mpaka chaka chachiwiri ndi soda. Soda wophikira therere ndi chigwada uja ndi m'bale wake wa mchere, amasungitsa madzi chimodzimodzi. Ine ndinkadzitama kuti ndasiya mchere, uku therere la soda katatu pa mlungu.

Nagama: Mayo ine. Bambo therere ndiye ndiwo yawo. Nanga chidulo? Amayi amadziwa kutcheza.

Bambo a Pemphero: Funso labwino kwambiri, ndipo samalani. Chidulo chimachokera ku phulusa, ndipo phulusa la zomera lili ndi potassium wambiri, mtundu wina wa mchere umene umapezekanso m'magazi. Spironolactone ndi enalapril amasunga kale potassium m'thupi. Akachuluka mopitirira, mtima umasokonekera kagundidwe, mwadzidzidzi. N'chimodzimodzi ndi mchere wa m'mashopu wolembedwa kuti ndi wa anthu a BP, umenenso ndi wa potassium. A Gama, umenewo musatumize. Therere lophika ndi tomato ndi anyezi popanda soda limadyeka ndithu, nkhwani wotendera nayenso. Ndimu, adyo ndi tsabola zimathandiza kuti pakamwa pasamasowe mchere.

Che Jafali: Nanga ife a kunyanja? Usipa wouma, utaka, zonse zimadutsa mu mchere nthawi zina. Tidye chiyani?

Bambo a Pemphero: Che Jafali, inu ndiye muli pabwino, nsomba yaiwisi muli nayo pafupi. Youma yothira mchere muziiviika m'madzi, kutaya madziwo, ndipo pophika osawonjezeranso. Tsopano za Lasix zija ndinalonjeza. Sindikunena kuti kuwonjezera furosemide kunyumba n'kolakwika nthawi zonse. Cholakwika n'kuchita popanda amene akukuonani kudziwa. Ku Mangochi mwezi wa Okutobala munthu amatuluka thukuta tsiku lonse. Mukawonjezera pamenepo mungaume, BP kutsika, chizungulire, impso kuima. Komanso kufufuma kwa mimba si nthawi zonse kumakhala madzi a mtima.

Che Jafali: Adokotala, mukunena zoona, koma mundiuze. Ndikaona lamba wathina Lachisanu, kiliniki yathu ndi Lachitatu. Ndidikire masiku asanu ndikumira? Kapena ndikwere njinga yamoto kupita ndi kubwera, kukangouzidwa kuti wonjezerani piritsi limodzi, lomwe ndili nalo kale m'nyumba?

Nachisale wa ku Leeds: Apa ndili kumbali ya Che Jafali pang'ono, a Pemphero mundikhululukire. Kuno odwala amene timawadziwa bwino timawalembera dongosolo: kulemera kwanu kwabwino ndi uku, mukakwera chakuti wonjezerani piritsi kwa masiku atatu ndipo mutiimbire, zikapanda kusintha bwerani. Munthu wa zaka zinayi ndi matenda ake si mwana.

Bambo a Pemphero: Asisita, sitikusiyana kwenikweni. Koma kumbukirani kuti kwanuko mukamuuza wodwala kuti awonjezere, pakatha masiku ochepa mwamuyeza magazi kuona impso ndi potassium. Kwathu kuno pali miyezi imene makina alipo koma mankhwala oyezera palibe. Ndiye ndimalemba dongosolo lotere kwa amene ndawaona kangapo, amene ndikudziwa kulemera kwawo ataphwa, ndipo ndimalemba m'kabuku ndi dzanja langa. Che Jafali, ulendo wotsatira mukapemphe chimenecho: akulembereni. Mukawauze zoona kuti mumawonjezera kale. Sadzakukalipirani ngati ali anzeru, adzakondwa kuti mwanena.

Ndipo kwa nonse, izi si za foni kapena za kope, izi n'zonyamuka nthawi yomweyo, usiku kapena usana: kubanika munthu atangokhala, kulephereratu kugona pansi, makhololo a thovu ofiirira, kupweteka pachifuwa, kukomoka, kusokonezeka mutu. Komanso akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, imbani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ena amafunika kuimitsa kaye.

LACHITATU

Gama wa ku Joni: Ndawerenga zonse kawiri. Sikelo ndatumiza ndalama, chemwali agula mawa. Koma ndikufunsabe. Kuno ndimamva za zipangizo zotumiza zonse kwa dokotala pa intaneti. Ndiye kuti zonsezo n'zabodza?

Nachisale wa ku Leeds: Si zabodza, koma nkhani yake ili ndi mbali ziwiri, ndipo ndikufuna muimve bwino chifukwa ndi pamene pagona yankho la funso lanu loyamba.

Mu 2010 ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa Tele-HF. Anatenga odwala 1,653 ongotuluka m'chipatala. Theka anauzidwa kuti tsiku lililonse aziimba nambala yaulere, makina n'kumawafunsa za kulemera ndi phuma, iwo n'kumayankha podina manambala. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, obwerera ku wodi ndi omwalira anali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Ena mwa odwalawo sanaimbe n'kamodzi komwe, ambiri anatopa nazo pakati panjira. Munthu satha miyezi akulankhula ndi makina.

Mu 2018 ku Germany, gulu la pa chipatala cha Charité ku Berlin linatulutsa wina, TIM-HF2, wa odwala opitirira 1,500. Kumeneko anawapatsa sikelo, makina a BP ndi ena oyeza kagundidwe ka mtima, zonse zikutumiza manambala tsiku lililonse. Koma kumapeto kwa waya kunali madokotala ndi anamwino, usana ndi usiku, amene ankaona manambalawo tsiku lomwelo, kumuimbira wodwala, ndi kusintha mankhwala. Imfa zinatsika: pafupifupi 8 pa anthu 100 pachaka, poyerekeza ndi 11 mwa amene ankasamalidwa mwa nthawi zonse.

Ndiye onani, a Gama. Kusiyana sikunali kukongola kwa chipangizo. Kunali kwakuti nambala ikafika, pali munthu woiona amene ali ndi mphamvu yochitapo kanthu lero. Wotchi yanu ikanatumiza kugunda kwa mtima wa bambo kwa inu ku Joni 2 koloko usiku, mukanatani nako? Inu simungasinthe mankhwala. Mukanangodwala nawo nkhawa. Funso loti banja lanu liyankhe ndi ili: nambala ikakwera, tiimbira ndani, ndipo ayankha?

Gama wa ku Joni: Funso limenelo yankho tilibe. Chemwali, tili ndi nambala ya aliyense kuchipatala kuja?

Nagama: Tilibe, achimwene. Maulendo atatu onse tatuluka ndi kabuku ndi tsiku lobwerera basi. Ulendo uno atilembera kuti tibwere pakatha miyezi iwiri.

Bambo a Pemphero: Miyezi iwiri yatalika kwa munthu wongotuluka kumene. Milungu yoyambirira ndi imene anthu ambiri amabwerera ku wodi. Pali kafukufuku wa mu 2022, STRONG-HF, amene munali odwala ambiri a mu Africa muno. Odwala ena ankaonedwa pafupipafupi atangotuluka, mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, uku mankhwala oteteza mtima aja akukwezedwa msanga kufika mlingo wake. Pa miyezi isanu ndi umodzi, omwalira kapena kubwerera ku wodi anali 15 pa 100, pamene mwa enawo anali 23. Anachita kuuimitsa usanathe chifukwa kusiyana kunali koonekeratu. Ndiye a Nagama, musadikire. Pitani nawo pa kiliniki ya mlungu wamawa, ndi kope lija, ndi mapaketi onse a mankhwala m'jumbo, kuphatikizapo amene anasiya. Mukapemphe zinthu zitatu: kulemera kwawo koyenera kulembedwe, magazi a impso ndi potassium ayezedwe, ndipo akuuzeni woti muzimuimbira.

Koma ndinenenso chilungamo cha mbali yathu. Nambala imene ndimapatsa odwala ndi yanga, mayunitsi ndi anga, ndipo imalira ndili pa maliro, ndili m'tchalitchi, ndili m'tulo. Ndikapereka kwa onse sindingathe. Chimene timafuna ndi foni ya kiliniki, yokhala ndi namwino amene ntchito yake tsiku limenelo ndi imeneyo. Si chinthu chodula poyerekeza ndi bedi la ku wodi la masiku asanu.

Mlangizi Mbewe: Ndipo zoyambira zilipo kale m'dziko muno. Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi nkhani za amayi ndi ana, kenako chinakula n'kupita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Anthu anazolowera kuti malangizo angabwere pa foni. Ku Neno ndi ku Lisungwi kuli makiliniki a PEN-Plus, kumene ma clinical officer ndi anamwino anaphunzitsidwa kuunika mtima ndi kusamala matenda aakulu ngati amenewa pa boma pomwepo, osadikira Queens kapena Central. Mu 2022 maiko a mu Africa a m'bungwe la WHO anavomereza kuti njira imeneyi ifalikire. Ife alangizi timayenda kale m'midzi ndi sikelo za ana. Kutiwonjezera mayina asanu a odwala mtima a m'dera lathu sikungatithyole msana, bola tidziwe kotumiza nambalazo.

Nachisale wa ku Leeds: Ku Uganda anayesa chinthu chofanana ndi chimene mukunenachi. Anatenga pulogalamu yotchedwa Medly, yochokera ku Toronto, n'kuisintha kuti izigwira pa foni ya mabatani, podina manambala ngati mmene timachitira ndi Airtel Money kapena Mpamba. Wodwala amayankha mafunso a zizindikiro, amalandira malangizo, ndipo zikaoneka zoopsa uthenga umapita kwa namwino wa ku Uganda Heart Institute. Chimene ndinachikonda n'chakuti sanayambe ndi kufunsa kuti chipangizo chapamwamba ndi chiti, anayamba ndi foni imene anthu ali nayo kale m'thumba.

Mayi a Mapasa: Ife kwathu tilibe pulogalamu, koma tili ndi anesi amodzi a mtima wabwino. Tinapangana kuti ukaflasha kawiri ndiye kuti sikelo yakwera, iwo amaimba akapeza mpata. Ndimaopa tsiku limene adzawasamutse.

Aphunzitsi Opuma: Ndakhala chete, koma ndikumbutse kuti si akuluakulu okha. Mdzukulu wanga wa zaka 14 ali ndi mtima wowonongeka mavavu, tizitseko ta mkati mwa mtima, chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sitinazisamale ali wamng'ono. Amabayitsa benzathine penicillin mwezi uliwonse. Nayenso timamuyeza.

Bambo a Pemphero: Zoona aphunzitsi. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, amene anaona odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa motsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, anapeza kuti zaka zapakati za odwala zinali 52 zokha. Pafupifupi theka gwero linali BP, ndipo mtima wa zilonda za pakhosi ngati wa mdzukulu wanuyo unali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Kwa anzathu a ku Ulaya awa ndi matenda a agogo a zaka 70 ndi kupitirira. Kwathu akugwira anthu amene akulipirira ana fizi. Jakisoni ameneyo asadumphe, ngakhale aoneke kuti ali bwino.

Che Jafali: Nanga madzi akumwa? Ena amati usamwe n'komwe.

Nachisale wa ku Leeds: Ayi Che Jafali, kusamwa n'komwe n'koopsa, makamaka kotentha ngati kwanuko. Si aliyense amene amafunika kuchepetsa. Amene matenda akula kwambiri amauzidwa lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, kuwerengera tiyi, thobwa ndi phala lamadzi. Ngati anakuuzani choncho, dzazani botolo la Sobo la malita awiri m'mawa, muzimwa la m'menemo, ndipo mukamwa tiyi muzitayako kapu imodzi. Mowa wokha ndiye ayi.

PATATHA MILUNGU ITATU

Nagama: Ndabwera kudzapereka lipoti, poti munandithandiza. Tinapita ku kiliniki mlungu wotsatira. Enalapril anawasinthira losartan, ndipo ameneyu sakuwatsokomoletsa. Anatilembera kuti kulemera kwawo koyenera ndi makilogalamu 61, ndipo a clinical officer a kumeneko anavomera kutipatsa nambala, atatipempha kuti tisaimbe pa zinthu zina. Magazi a impso tinakayezetsa kolipira, achimwene anatumiza ndalama ya wotchi ija. Azakhali ndi amene akuphika ndiwo za bambo, ndipo akuti palibe wina aloledwe kukhudza mphikawo.

Lachinayi lapitali kunagwa maliro kumudzi woyandikana nawo. Bambo anagona komweko masiku awiri, anadya za pa maliro, mankhwala anaiwala kunyumba. Loweruka mdzukulu anatumiza 62.2. Lamulungu 63.4, ndipo analemba kuti agogo apempha pilo yachiwiri. Miyendo inali isanaoneke kanthu, amayi ankati ali bwinobwino. Ndinaimba. Anandifunsa ngati akubanika atakhala, ngati akutsegula m'mimba, BP ili bwanji, kenako anati awonjezere furosemide mmodzi masana kwa masiku atatu, ndipo Lachitatu abwere nawo.

Gama wa ku Joni: Uthenga wa Lamulunguwo unandifika ndili pa ntchito. Koyamba m'zaka ziwiri kumva za bambo asanafike ku wodi.

Che Jafali: A Nagama, sikeloyo munagula kuti? Mwana wanga akubwera kuchokera ku Lilongwe Loweruka. Ndipo adokotala, ndinakanena. Andilembera m'kabuku.

Nagama: Che Jafali, ndakutumizirani ku inbox. Lero m'mawa 61.3, agona ndi pilo imodzi. A Pemphero, magazi aja akuti tibwereze liti, popeza asintha mankhwala?

Bambo a Pemphero: Pakati pa mlungu umodzi ndi iwiri chisinthireni, ndiye nthawi yakwana kale. Mukayezetse Lachitatu lomwelo, ndipo ulendo wina wa maliro mankhwala a masiku atatu azikhala m'thumba la jekete asanatuluke pakhomo.